Zidutswa Zisanu za Galasi

Mwandida anandisiyira m'botolo la chiponde
nsomba imodzi, kutalika ngati chala changa chamkombaphala,
zipsepse zili lendee ngati chitenje chonyowa pachingwe.
"Dzina lake ndi beta, ababa. Musadzaiphatikize ndi inzake, zimaphana."
Atatero, minibasi ya ku Limbe inamutenga.

Mawu amenewo si achilendo kwa ine.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
ndinalendewetsa makiyi m'chiuno kundende yaikulu ija.
Uyu musamuphatikize ndi anzake.
Ndimadziwa mmene munthu amazungulirira m'chipinda
choti akatambasula manja akhudza makoma onse awiri.
M'botolo muja munali kuzungulira komweko.

Lolemba ndinatsika kwa a Likaka,
odula magalasi kuseri kwa msika.
Zidutswa zisanu, guluu wonunkha viniga,
kukula kwake kongomeza ndowa imodzi ya madzi.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"A sajeni, chambo chikwana umu?"

Mchenga ndinakatapa ku Likangala,
kuutsuka kasanu ndi kawiri, kenaka kuuwiritsa,
pakuti mtsinje uja umanyamula zambiri zosanena.
Madzi a pampopi ndinawagoneka pakhonde masiku awiri
kuti fungo la mankhwala lichoke.
Miyala itatu ya ku Mulunguzi,
muzu wouma wopindika ngati chigongono,
ndi timaudzu ta m'madzi tomwe mnyamata wa kumadamu a ku Domasi
anandikulungira m'jumbo, osafuna ndalama.

Zala zozolowera unyolo
kubzala chinthu chopyapyala ngati tsitsi!
Ndikakwirira apa, chazuka apo,
chikuyandama, mizu m'mwamba.
Ndinatukwana. Ndinabzalanso.

Pafoni Mwandida akuti musafulumire,
madziwo akhwime kaye milungu itatu.
Mwana iwe, kudikira ndiye inali ntchito yanga.
Ndinkakhala pampando kuno ku Matawale
kulondera nyumba yopanda mwini,
tsamba latsopano likutuluka, lina likuola.

Tsiku litakwana ndinapendeketsa botolo pang'onopang'ono.
Sinatuluke.
Inaima pakamwa pa botolo, zipsepse zili pinde.
Ndinawaona amuna otere pageti,
kalata yomasulidwa ili m'manja,
mseu wa ku Blantyre uli patsogolo pawo yalaa,
iwo akuyang'ana kumbuyo kwa ine ngati ndiwauze kolowera.

Kenaka psiti, yalowa kuseri kwa muzu.

Usiku umenewo ndinadzuka ndi tochi kukawerenga.
Chizolowezi sichipuma pantchito.
Mmodzi yekha, koma osaoneka.
Dzanja linafuna kuzula masamba onse
kuti diso lifike ngodya zonse zinayi.
Ndinalibweza m'thumba.
Ndinazimitsa tochi.

Juni uno chiperoni chatsika phiri,
ndipo magetsi akazima kahita kamazizira.
Ndimafunditsa galasi jekete langa lakale la yunifolomu,
ndimayandamitsa kabotolo ka madzi ofunda,
n'kukhala nayo mumdima, tonse chete,
mpaka firiji ya aneba iyambenso kung'ung'udza.

Nthawi zina imadziona yokha pagalasi,
imafufuma makha, kufiira psuu,
kuopseza mdani wofanana nayo nkhope.
Sindiiseka. Ndimameta ndevu m'mawa uliwonse.

Dzulo pangodya, pansi pa tsamba loyandama,
ndapeza kathovu kounjikana bwino,
timikanda ta mpweya tolavulidwa kamodzikamodzi.
Mwandida akuti ndi chisa, yamphongo imamanga yokha
ngakhale palibe woikira mazira.
Ndinayang'ana chipinda chake chomwe ndimasesabe Loweruka.

Sindidzinamiza, galasi ndi khoma ndithu,
khoma loonekera kunja basi.
Chivundikiro ndaikapo, chifukwa akuti imalumpha.
Koma ndasiya mpata wa chala chimodzi,
ndipo ndikafika ndi chakudya
imabwera yokha,
osaitanidwa ndi nambala.